Mombasa: Katundu Amadutsa, Nanga Phindu Limatsalira Yani?

Munthu wokhala m'mbali mwa nyanja safuna kuuzidwa kufunika kwa gombe. Pamene ngalawa zimakocheza ndi pamene msika umamera. Asodzi akafika, ogula nsomba amabwera, ndipo ogula nsombawo akachuluka, wina amamanga kanyumba ka tiyi, wina okala, wina malo ogona alendo. Tsiku limene ngalawazo zasamukira ku gombe lina, malonda onse aja amazilala ngati moto wa mapesi. Zimenezi timaziona pa magombe athu ang'onoang'ono, koma zimachitikanso pa madoko akuluakulu a dziko lapansi. M'kope lino tatenga owerenga athu kupita nawo ku Mombasa, m'dziko la Kenya, kuti tikaone m'mene doko, njanji, misewu ndi milatho zimakopera amalonda, komanso m'mene zinthu zomwezo zimakhudzira mabanja okhala kumeneko.

Chiyambire chaka cha 2013, dziko la Kenya limayendetsedwa m'zigawo 47 zimene eni ake amazitcha makaunti. Kaunti ili ngati boma kuno kwathu, kungoti iyo imakhala ndi gavanala wosankhidwa ndi anthu, nyumba yakeyake ya malamulo ndiponso thumba lake la ndalama. Mombasa ndiyo kaunti yoyamba pa mndandanda, nambala yake ndi 001. Pa kukula kwa malo ndi yaing'ono kuposa zonse, koma kalembera wa mu 2019 adapezamo anthu 1,208,333. Pakati pake pali chilumba cha Mvita, kumpoto kuli Nyali ndi Kisauni, kumadzulo kuli Changamwe ndi Jomvu, pomwe kumwera, kutsidya kwa madzi, kuli Likoni. Gavanala woyamba adali a Hassan Ali Joho, ndipo mu 2022 adalowa m'malo mwawo ndi a Abdulswamad Shariff Nassir.

Mphepo ndiyo idayambitsa malonda

Kusanabwere injini, amene adali kuyendetsa malonda pa nyanja ya mchere ya Indian Ocean ndi mphepo. Monga ife tili ndi mwera ndi mpoto, Aswahili ali ndi kusi ndi kaskazi. Kaskazi amaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha m'Disembala mpaka cha m'Malichi, ndipo ndiye adali kukankha zombo za matanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India kudza ku gombe la Africa. Mphepoyo ikatembenuka n'kukhala kusi, zombo zija zidali kubwerera kwawo. Tsono pakati pa mphepo ziwirizi amalonda adayenera kudikira miyezi ingapo, ndipo adali kufuna malo abata okochezapo. Mombasa idali nawo malo oterowo, chifukwa chilumbachi chidazunguliridwa ndi mikono iwiri ya nyanja imene mafunde aakulu safikamo.

Katswiri wojambula mapu, al-Idrisi, adatchula kale za mzindawu m'zaka za m'ma 1100. Mu 1331 mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, adagonapo usiku umodzi. Iye adalemba kuti anthu ake adali Asilamu otsata madhihabu a Imam Shafi'i, kuti mizikiti yawo idali ya matabwa yomangidwa bwino, ndi kuti chakudya chawo chenicheni chidali nthochi ndi nsomba, pomwe mbewu zina adali kuitanitsa kuchokera kwina. Apa tikuona kuti ngakhale zaka 700 zapitazo, Mombasa idali kale kudalira katundu wobwera ndi chombo.

Gombe labwino limakopanso a nkhondo. Vasco da Gama adafika mu 1498, ndipo mu 1593 Apwitikizi adayamba kumanga linga la Fort Jesus pakhomo penipeni pa doko lakale. Aluya a ku Oman adalanda lingalo mu 1698 atalizinga kwa zaka pafupifupi zitatu. Kenaka banja la Mazrui lidalamula mzindawu mpaka 1837, pamene udagwa m'manja mwa Seyyid Said, mfumu ya Oman ndi Zanzibar. Lero lingalo ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse.

Sitingabise kuti pakati pa katundu wa masiku amenewo padali minyanga ya njovu ndiponso anthu. Ena mwa akapolo amene adafika m'derali adali ochokera kuno ku nyanja yathu. Mmodzi mwa iwo, Salimini, wa m'chigawo chapakati cha dziko lino, ndiye adathandiza mmishonale Johannes Rebmann kusonkhanitsa mawu a Chinyanja pa mishoni ya ku Rabai, kufupi ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1850. Buku lotanthauzira mawulo lidasindikizidwa mu 1877. Mudzi wa Freretown, ku Kisauni, udakhazikitsidwa mu 1875 kuti mukhale akapolo omasulidwa.

Njanji idasamutsa doko

Doko lakale lidali lokwanira zombo za matanga, koma sitima zikuluzikulu za malasha zidafuna madzi akuya. Madzi oterowo adali mbali ina ya chilumba, ku Kilindini, dzina limene m'Chiswahili limanena za kuya kwa madzi. Angerezi atayamba kumanga njanji ya ku Uganda mu 1896, zitsulo ndi zipangizo zonse adazitsitsira kumeneko. Njanjiyo, ya makilomita oposa 900, idafika ku Kisumu, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, mu 1901. Pa ntchitoyo adabweretsa amwenye pafupifupi 32,000, ndipo pafupifupi 2,500 mwa iwo adafera pomwepo ndi matenda, ngozi ndi zilombo, kuphatikizapo mikango iwiri ya ku Tsavo imene idaimitsa ntchito mu 1898.

Njanji imeneyi idapatsa Mombasa chinthu chimodzi n'kuilanda china. Idaipatsa katundu wa dziko lonse lakumtunda: thonje la ku Uganda, khofi, khonje ndipo kenaka tiyi. Koma idaberekanso mzinda wa Nairobi, umene poyamba udali msasa chabe wa omanga njanji, ndipo patangopita zaka zochepa likulu la boma lidachoka ku Mombasa kupita kumeneko. Kuyambira pamenepo, zambiri zokhudza doko zimagamulidwa ndi anthu okhala makilomita pafupifupi 480 kuchokera ku nyanja. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Malo oyamba okocheza sitima zazikulu pa Kilindini adatsegulidwa mu 1926. Mu 1978 boma lidakhazikitsa bungwe la Kenya Ports Authority kuti liziyendetsa dokoli. Masiku ano katundu wambiri amayenda m'makontena, mabokosi achitsulo aja timaona pa malole. Mu 2014 dokoli lidapitirira makontena 1 miliyoni pa chaka, powerengera kontena ya mafiti 20. Gawo lachiwiri lotsitsira makontena, lomangidwa ndi ngongole ya ku Japan, lidayamba ntchito mu 2016, ndipo mu 2024 chiwerengero chija chidapitirira 2 miliyoni. M'chaka chomwecho katundu yense wodutsa padokopo adaposa matani 40 miliyoni.

Katunduyu si wa Kenya yekha ayi. Uganda, Rwanda, Burundi, South Sudan ndi chigawo cha kum'mawa kwa Congo alibe doko lawolawo la kufupi, monga momwe ife timayang'anira ku Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Mu 1985 maiko a m'derali adasainirana pangano la njira yotchedwa Northern Corridor, imene imayambira pa Mombasa kudzera ku Nairobi, Eldoret ndi Malaba mpaka ku Kampala ndi kupitirira, ndipo ofesi yaikulu ya panganoli ili ku Mombasa komweko. Mwa katundu wongodutsa kupita ku maiko ena, wochuluka ndi wa Uganda. Kufunika kwa njirayi kudaoneka poyera kumayambiriro kwa 2008, pamene zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Kenya zidatseka misewu ndi njanji. M'masiku ochepa chabe mafuta a galimoto adayamba kusowa ku Kampala.

Chimene chimakopa amalonda

Wamalonda akafuna kumanga fakitale amawerenga zinthu zingapo: zipangizo zidzafika bwanji, katundu adzatuluka bwanji, ndipo adzataya masiku angati panjira. Amene ali pafupi ndi doko amapulumuka ndalama ya ulendo wautali wa lole. N'chifukwa chake kumadzulo kwa chilumbachi, ku Changamwe, Jomvu ndi Miritini, kudadzaza nyumba zosungiramo katundu, mafakitale osoka zovala, oyenga mafuta ophikira, ogaya tirigu ndi osula zitsulo.

Chitsanzo chodziwika ndi tiyi. Okushoni ya tiyi idayambira ku Nairobi mu 1956, koma mu 1969 idasamukira ku Mombasa, kufupi ndi nyumba zosungiramo tiyiyo ndiponso sitima zomunyamula. Lero ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya tiyi pa dziko lonse. Kumagulitsidwa tiyi wa ku Kenya, Uganda, Rwanda, Burundi, Tanzania ndi maiko ena, ndipo wina wa ku Malawi amafikanso kumeneko ngakhale tili ndi okushoni yathu ku Limbe. Ogula aakulu a tiyi wa ku Kenya ndi Pakistan ndi Egypt. Msikawu umadyetsa olawa tiyi, osakaniza, olongedza, onyamula matumba ndi a kalaliki ambirimbiri.

Chachiwiri ndi simenti. Gombe la kumpoto kwa chilumbachi lidakhala pa miyala ya laimu yochokera ku matanthwe akale a pansi pa nyanja. Kampani ya Bamburi idakhazikitsidwa mu 1951 ndipo idayamba kupanga simenti mu 1954. Maenje amene adatsala atakumba miyalayo adali chipululu, mpaka pamene René Haller adayamba kubzalamo mitengo mu 1971. Malowo tsopano ndi nkhalango yotchedwa Haller Park, kumene ana a sukulu amapita kukaona nyama.

Chachitatu ndi mafuta. Sitima za mafuta zimatsitsira ku Kipevu, kumene malo atsopano otsitsira adatsegulidwa mu 2022. Kuchokera pamenepo mafuta amayenda m'paipi imene idafika ku Nairobi mu 1978 ndipo pambuyo pake idatalikitsidwa mpaka ku Eldoret ndi Kisumu. Fakitale yoyenga mafuta ya ku Changamwe, imene idayamba mu 1963, idaleka kuyenga mu 2013 chifukwa makina ake adakalamba ndipo mafuta oyengeratu ochokera kunja adali otsika mtengo.

Palinso katundu wina wosaoneka ndi maso. Mu 2009 nthambo za intaneti za pansi pa nyanja, SEACOM ndi TEAMS, zidatulukira pa Mombasa, ndipo mu 2010 idafikanso ina yotchedwa EASSy. Izi zisanachitike, chigawo chonsechi chidali kudalira makina a m'mlengalenga amene adali odula komanso ochedwa. Choncho uthenga wa pa foni wochokera ku Kampala kapena Kigali kupita kutsidya kwa nyanja umatha kudzera pa gombe lomwelo pamene pankakocheza zombo za matanga.

Tisaiwale alendo odzaona malo. Bwalo la ndege la Moi International, ku Port Reitz, lidayamba ngati bwalo la asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo lidakuzidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kuti lizilandira ndege zazikulu zochokera ku Ulaya. Alendowo amagona m'mahotela a ku Nyali, Bamburi ndi Shanzu, kapena kuoloka kupita ku Diani m'kaunti ya Kwale. Koma mlendo ndi mame. Mu 2014 maiko ena a ku Ulaya atachenjeza anthu awo za chitetezo, ndiponso mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, mahotela ambiri adatseka zipinda ndipo antchito adabwerera kumudzi chimanjamanja.

Kuoloka madzi tsiku ndi tsiku

Madzi amene adalemeretsa Mombasa ndi omwenso amavutitsa anthu ake. Ntchito zambiri zili pachilumba, koma nyumba zotsika mtengo zili kumtunda. M'mawa uliwonse anthu mazanamazana amayenera kuoloka, ndipo makomo ake ndi atatu okha.

Kumpoto kuli mlatho wa Nyali. Woyamba, wa mu 1931, udali woyandama pamadzi, ndipo umene ulipo lerowu udatsegulidwa mu 1980. Kumadzulo kuli Makupa, kumene atsamunda adathira dothi ndi miyala kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kuti msewu ndi njanji zidutse. Chiunda chimenecho chidatseka madzi kwa zaka pafupifupi 90, ndipo pambali pake padali dzala lalikulu la Kibarani, limene fungo lake ndilo lidali kulonjera mlendo aliyense wochokera ku bwalo la ndege. Dzalalo adalitseka mu 2018, ndipo mu Ogasiti 2022 adatsegula mlatho watsopano wa Makupa.

Khomo lovuta kwambiri ndi la kumwera, ku Likoni. Pamenepa mpata wa madzi ndi wa mamita pafupifupi 500 okha, koma ndi pomwe sitima zonse zolowa ku Kilindini zimadutsa, kotero mlatho wamba sungamangidwepo. Kuyambira 1937 anthu amaoloka pa pantoni. Akuluakulu oyendetsa mapantoniwo akhala akunena kuti anthu pafupifupi 300,000 ndi magalimoto pafupifupi 6,000 amaoloka pa tsiku. Woyenda pansi salipira. Koma sitima yaikulu ikamalowa, pantoni imaima kuyembekeza, ndipo ina ikawonongeka mzere umafika kutali. Mayi wa geni amene wasenza dengu la ndiwo kuchokera ku msika wa Kongowea, mwana wa sukulu, ngakhale wodwala wopita ku chipatala chachikulu pachilumba, onse amaima pamzere womwewo.

Anthu a ku Likoni saiwala tsiku la 29 Epulo 1994, pamene pantoni ya ku Mtongwe idamira itadzaza mopitirira muyeso, n'kupha anthu oposa 270 amene adali kupita ku ntchito. Mu Sepitembala 2019 galimoto idatsetsereka kuchoka pa pantoni n'kumira ndi mayi ndi mwana wake, ndipo padatenga masiku oposa khumi kuti aivuule. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kulira kwa mudzi umene wataya anthu ake m'madzi, ndipo tikudziwanso kuti kawirikawiri chimayambitsa ndi kudzaza chombo ndi kusakonza zida pa nthawi yake.

Yankho limene boma lidapeza ndi kuzungulira madziwo. Msewu wa Dongo Kundu umayambira ku Miritini n'kudutsa pa milatho ya Mwache, Tsunza ndi Mteza mpaka kutulukira kumwera kwa Likoni. Mlatho wa Mteza wokha ndi wa mamita 1,440. Gawo loyamba la msewuwu lidatha mu 2018, ndipo magalimoto adayamba kudutsa pa milathoyo mu Ogasiti 2024. Tsopano lole yopita ku Kwale kapena ku malire a Tanzania ku Lunga Lunga siyeneranso kulowa pachilumba. M'mbali mwa msewuwo boma lidapatula maekala pafupifupi 3,000 kuti pakhale dera la mafakitale olipira msonkho wochepa. Komabe kwa munthu wa ku Likoni amene alibe galimoto, pantoni ikadali njira yake ya tsiku ndi tsiku.

Njanji yatsopano ndi mkangano wake

Pofika zaka za m'ma 2000 njanji yakale ija idali itatopa, ndipo pafupifupi katundu yense adali kuyenda pa malole. Msewu wa ku Nairobi udali kudzaza, kukumbika ndi kupha anthu. Choncho boma lidamanga njanji ina yotakata, yodziwika ndi dzina loti SGR. Idamangidwa ndi kampani ya China Road and Bridge Corporation pa mtengo woposa madola 3 biliyoni, ndipo ndalama zambiri zidali ngongole ya ku Exim Bank ya ku China. Pulezidenti Uhuru Kenyatta adaitsegula pa 31 Meyi 2017. Sitima ya anthu, Madaraka Express, imafika ku Nairobi m'maola asanu kapena asanu ndi limodzi, pomwe yakale ija idali kuyenda usiku wonse. Sitima za katundu zidayamba mu Januwale 2018, ndipo mu 2019 njanjiyo idafika kufupi ndi Naivasha.

Akulu adati walira mvula walira matope. Ngongole imafuna kubwezedwa, ndipo kuti njanji ipeze ndalama idayenera kudzaza katundu. Amalonda ambiri adakondabe malole, chifukwa lole imatula katundu pakhomo penipeni, pomwe wa pa sitima amafunanso lole ina kuchokera pa siteshoni. Tsono mu 2018 ndi 2019 boma lidalamula kuti makontena opita kumtunda azikwezedwa pa sitima kuchokera padoko, ndipo za kasitomu zizikachitikira ku Nairobi.

Taganizirani zimene lamuloli lidachita. Kontena ikatsika pa sitima ya pamadzi n'kukwera lole, imasiya ndalama m'manja ambiri. Pali kalaliki wolemba mapepala a kasitomu, mwini malo osungira makontena, dalaivala ndi wothandizira wake, makaniko, womata matayala, wothira mafuta, mayi wophika chakudya m'mbali mwa msewu ku Changamwe kapena ku Mariakani, ndi mwini nyumba ya lendi. Kontena yomweyo ikakwera sitima m'kati mwa mpanda wa doko, anthu onsewa amangoiona ikudutsa. Makampani ena adasamukira ku Nairobi, ena adachotsa antchito. Mu 2019 anthu adayamba kuchita zionetsero Lolemba lililonse, ndipo mabungwe adagwirizana pansi pa dzina loti Okoa Mombasa, kutanthauza kuti pulumutsani Mombasa. Kumapeto kwa 2020 Khoti Lalikulu lidagamula kuti malamulowo adaikidwa popanda kumva maganizo a anthu monga momwe malamulo aakulu a dzikolo amafunira. Nkhaniyi idakula mpaka pa chisankho cha 2022, ndipo pa tsiku lolumbira, 13 Sepitembala, Pulezidenti William Ruto adalengeza kuti ntchito za kasitomu zibwerere ku Mombasa ndi kuti mwini katundu azisankha yekha njira.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. Sitima imodzi imachotsa malole ambiri pamsewu, imachepetsa ngozi, ndipo imathandiza kuti makontena asaunjikane padoko. Ngongole nayonso ndi ya Akenya onse, a ku Mombasa omwe. Chidalakwika n'chakuti amene adali kudya pa malole sadafunsidwe, ndipo sadakonzeredwe pogwira pena. Chinanso n'chakuti doko lili m'manja mwa boma lalikulu, ndipo ndalama zake sizilowa m'thumba la kaunti, pomwe kaunti ndiyo imasamala zipatala, misika ndi misewu ing'onoing'ono imene anthu a padoko amagwiritsa ntchito. Atsogoleri a Mombasa akhala akupempha gawo la ndalamazo kwa zaka zambiri.

Zimene mabanja amasenza

Alendo ambiri amadabwa kumva kuti mzinda wozunguliridwa ndi madzi umasowa madzi akumwa. Mombasa ilibe mtsinje wake, ndipo zitsime zambiri ndi za madzi a mchere. Madzi a m'mipopi amachokera m'makaunti ena: ku akasupe a Mzima m'nkhalango ya Tsavo, kudzera m'paipi ya m'zaka za m'ma 1950 yotalika makilomita oposa 200, ku Baricho pa mtsinje wa Sabaki, komanso ku Marere ndi Tiwi m'kaunti ya Kwale. Onsewa pamodzi sakwanira, choncho mabanja ambiri amagula madzi m'zigubu kwa anyamata okankha ngolo. Ntchito yomanga damu la Mwache, m'kaunti ya Kwale, idakhazikitsidwa mu 2023 ndi thandizo la World Bank pofuna kuchepetsa vutoli. Wamalonda naye amawerenga zimenezi, pakuti fakitale yopanda madzi ndi chigoba chabe.

Nkhani ya mudzi wa Owino Uhuru ndi yofunika kuti kholo lililonse liimve. Mu 2007 fakitale ina yosungunula mabatire akale a galimoto kuti ipeze mtovu idatsegulidwa moyandikana ndi nyumba za anthu. Utsi ndi madzi ake oipa zidalowa m'mudzimo. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana umaononga ubongo, ndipo kwa amayi oyembekezera umatha kuchotsa pakati. Mayi Phyllis Omido, amene adagwirako ntchito pa fakitaleyo ndipo mwana wawo adadwala, adatsogolera anthu kudandaula mpaka idatsekedwa mu 2014. Mu 2015 adalandira mphotho ya Goldman ya oteteza chilengedwe. Mu 2020 khoti lidagamula kuti anthuwo apepesedwe ndi mashilingi 1.3 biliyoni. Khoti la apilo lidakaniza chigamulocho mu 2023, koma khoti lalikulu kuposa onse lidachibwezeretsa mu Disembala 2024. Kuchokera pamene fakitale idatsegulidwa, padapita zaka 17, ndipo ana amene adayamba kupuma utsiwo ali m'manja adali atakula.

Palinso nkhani ya malo. Mpaka 1963 kachigawo ka mamailosi khumi m'mbali mwa nyanja kadali pansi pa Sultani wa ku Zanzibar, ndipo malo ambiri adalembetsedwa m'maina a anthu ochepa. Mabanja ochuluka akhala mibadwo ingapo pa malo amene alibe mapepala ake. Msewu kapena fakitale ikabwera, mtengo wa malo umakwera, koma wolandira chipepeso ndi amene ali ndi pepala. Wopanda pepala amangouzidwa tsiku losamuka.

Gombe lina likuitana

Mombasa siili yokha pa gombeli. Dar es Salaam ikulimbirana nayo katundu wa Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo Tanzania idatsegula njanji yake yatsopano ya magetsi mpaka ku Dodoma mu 2024. Mu 2016 Uganda idasankha kuti paipi ya mafuta ake idzatulukire ku Tanga, m'Tanzania, osati m'Kenya. M'dziko la Kenya momwemo, doko latsopano la Lamu lidalandira sitima yake yoyamba mu Meyi 2021. Mwini katundu alibe chibale ndi doko. Iye amawerenga masiku amene kontena yake yakhala padoko, zipata za apolisi ndi masikelo a pamsewu, ndi ndalama zimene wataya. Akaona kuti kwina n'kwachangu amapita komweko. N'chifukwa chake ulemu wa kalaliki wa kasitomu ndi kukhulupirika kwa wapolisi wa pamsewu zimalemera mofanana ndi makina onyamula makontena.

Tikaunjika zonsezi pamodzi tikuona kuti doko, njanji ndi milatho zimabweretsa katundu, koma katundu wongodutsa amasiya fumbi lokha. Ndalama imatsala pamene katunduyo waima kuti wina amugwire: tiyi akasakanizidwa ndi kulongedzwa, tirigu akagayidwa, mwala ukasanduka simenti, injini ikakonzedwa. Ntchito zoterozo zimapita kwa amene ali ndi luso ndi mapepala a sukulu, ndipo ngati ana a pagombe alibe, amabwera ena akutali kudzazitenga eni mudzi akuyang'ana.

Pamenepa ndi pamene nkhani ya Mombasa ikufika pakhomo pathu. Kholo limene latulutsa mwana m'kalasi kuti akakoke khoka lapeza ndiwo za lero, koma lamutsekera khomo la ntchito zimene msewu watsopano udzabweretse. Banja limene lagulitsa malo a m'mbali mwa madzi mothamanga lidzaona hotela ya wina ikumera pamene padali gombe la makolo. Ndipo mudzi umene ukumva kuti kukubwera fakitale uli ndi ufulu wofunsa kuti utsi ndi madzi oipa zidzapita kuti, ndani adzalembedwe ntchito, ndipo anthu adzaoloka bwanji. A ku Owino Uhuru ndi a malole a ku Changamwe adayankhidwa ndi makhoti zinthu zitaonongeka kale. Safunsa adadya phula. Mafunso amenewa afunsidwe pa bwalo la mfumu ndi pa msonkhano wa khonsolo, njerwa yoyamba isanaikidwe.